Banja Likatha, Ndani Adzathamange ndi Mwana ku Chipatala?

Pa tsiku la chisudzulo ankhoswe amakhala pansi kuyambira m'mawa. Amawerenga mbuzi ndi nkhuku, amagawa mapoto, amalimbana pa nkhani ya njinga ndi malata a nyumba, ndipo nkhokwe ya chimanga imayezedwa ndi maso a mbali zonse ziwiri. Za ana amangonena mwachidule kuti akhale kwa mayi awo, kapena apite kwa agogo awo akuchimuna. Dzuwa likapendeka aliyense amasasa fumbi n'kumapita kwawo. Funso limene silifunsidwa pabwalopo ndi ili: mwanayu akadzatentha thupi pakati pa usiku mwezi wa Febuluwale, mitsinje itadzaza, ndani adzatulutse ndalama ya njinga yamoto yopita naye ku chipatala?

Omvera athu a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi m'midzi yonse ya m'malire, funsoli mukulidziwa. Limabwera lokha pakapita miyezi itatu kapena inayi, mwana ali kwala pamphasa, mayi alibe ngakhale metikali imodzi, foni ya bambo ikungolira osayankhidwa. Nthawi imeneyo ankhoswe aja ali kuminda kwawo. Ife tikuti funsoli lizifunsidwa tsiku lomwelo la chisudzulo anthu onse ali pomwepo, ndipo yankho lake lizilembedwa.

Inshuwalansi imene ambirife tilibe

M'matauni muli chinthu chotchedwa inshuwalansi ya kuchipatala, pa Chipwitikizi seguro de saúde. Munthu, kapena kampani imene amagwirako ntchito, amalipira ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo tsiku limene wadwala iyeyo, mkazi wake kapena mwana wake, a inshuwalansi ndiwo amalipira chipatala. Ena ogwira ntchito m'makampani akuluakulu, monga a ku migodi ya malasha ku Moatize, ali nayo. Aphunzitsi ndi ena ogwira ntchito m'boma amadulidwa kandalama pa malipiro awo kuti iwo ndi a pabanja pawo azithandizidwa pa za chipatala ndi mankhwala. Ku Malawi kuli bungwe la MASM, ndipo ku Joni nako ogwira ntchito zokhazikika ambiri amalembetsa ana awo.

Ngati bambo wa mwana wanu ali m'gulu limeneli, tcherani khutu apa. Ukwati ukatha dzina la mkazi likhoza kuchotsedwa pa mndandanda, koma mwana sasiya kukhala mwana wa bambo wake. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti bambo akakwatira kwina amakalembetsa ana atsopano n'kuiwala oyamba aja, kapena amasunga khadi m'chikwama chake ku Tete pamene mwana ali ku Domué. Khadi lokhala kutali ndi mwana ndi pepala chabe. Choncho funsani ngati mwana analembedwa, funsani amene asunge khadi, ndipo funsaninso zipatala zimene zimalilandira, chifukwa makhadi a makampani nthawi zambiri amagwira ntchito m'zipatala zolipira za m'tauni, osati pa chipatala chaching'ono cha kumudzi kwanu.

Koma tinene zoona. Mwa anthu amene akuwerenga kapepala kano ndi ochepa amene ali ndi khadi lotere. Mlimi wa fodya, mlimi wa mbatatesi, mayi wogulitsa tomato ndi kabichi pa msika wa Lizulu alibe kampani yomulipirira. Inshuwalansi yake ndi mbuzi ya m'khola, thumba la chimanga, ndalama ya xitique, ndi abale amene angamubwereke. Tsono zinthu zimenezi ndi zomwe zimagawidwa pa chisudzulo. Mbuzi zikapita ndi bambo, njinga n'kupitanso, mwana watsala wopanda chomutchinjiriza tsiku la matenda, ndipo palibe amene wazindikira.

"Kodi chipatala cha boma si chaulere?"

Awa ndi mawu amene abambo ambiri amabisalamo. Pali zoona zake pang'ono. Katemera ndi waulere, sikelo ndi yaulere, mankhwala a chifuwa chachikulu ndi ma ARV salipiritsa, ndipo pa chipatala cha boma mwana wamng'ono sabwezedwa chifukwa chosowa ndalama. M'midzi yambiri mulinso APE, wazaumoyo wa m'mudzi uja, amene amayeza malungo ndi kupereka mankhwala a malungo, a kutsekula m'mimba ndi a chibayo pamene matenda sanakule.

Ndalama imathera panjira. Njinga yamoto ya usiku siili mtengo umodzi ndi ya masana, ndipo nthawi ya mvula mtengo umakwera ndi matope. Mwana akagonekedwa, womudikirira amafuna ufa, ndiwo, nkhuni ndi sopo kwa masiku asanu kapena sabata. Pena mankhwala amene alembedwa amakhala atatha, ndiye amakuuzani kuti mukagule ku famasi. Matenda akakula amakutumizani ku chipatala cha ku Ulónguè, ndipo kumeneko akalephera ndi ulendo wa ku chipatala chachikulu cha ku Tete, mtunda woposa makilomita 200. Ngakhale ambulansi itakutengani popita, pobwerera mudzakwera shapa ndi ndalama yanu. Kumudzi nako munda ukudikira kupalira, ganyu wapita ndi ena, ana otsala akudya kwa aneba.

Palinso chinthu china chosagulika ndi ndalama. Malungo aakulu amamaliza magazi a mwana, ndipo achipatala akafuna kumuwonjezera magazi amapempha abale kuti apereke awo kuti nkhokwe ya magazi isaume. Mayi woyamwitsa kapena wapakati saloledwa kupereka. Apa bambo ndi abale ake amafunika ndi matupi awo, osati ndi M-Pesa yokha.

Taonaninso kalendala. Ndalama ya fodya imabwera msika ukatsegulidwa, mvula itatha. Malungo, kutsekula m'mimba ndi njala zimafika pachimake kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene matumba a wina aliyense ali pululu. Bambo wabwino ndithu amatha kubwera mu Juni ndi nsapato, diresi ndi paketi ya shuga, anthu n'kumuyamikira kuti akusamala ana ake. Mu Febuluwale bambo yemweyo alibe kanthu, ndipo sakunama. Vuto si mtima wake koma nthawi imene thandizo lake limafika. Pangano labwino la mlimi liyenera kunena kuti pa ndalama ya fodya kapena ya mbatatesi, gawo lakuti lisungidwe padera kudikira miyezi ya matenda. Likhoza kukhala mbuzi yosiyidwa m'khola la amalume a mwana, yodziwika kwa onse kuti ndi ya matenda, kapena ndalama yoikidwa ku gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama. Magulu ambiri otere ali ndi thumba lapadera lothandiza pa matenda ndi maliro.

Zimene lamulo la dziko lino likunena

Malamulo aakulu a dziko la Mozambique, a chaka cha 2004, amanena mosabisa kuti abambo ndi amayi ayenera kusamalira ana awo, obadwira m'banja ndi obadwira kunja kwa banja omwe. Lamulo la Banja, limene linatuluka mu 2004 n'kukonzedwanso mu 2019, limatchula thandizo limeneli kuti alimentos. Dzinali limasokoneza anthu, chifukwa limamveka ngati chakudya chokha. M'lamulo muli chakudya, pogona, zovala, sukulu, ndiponso umoyo. Ndiye bambo amene amatumiza thumba la chimanga n'kunena kuti zachipatala azione mayi, wakwaniritsa gawo limodzi lokha.

Lamulo siliika mtengo umodzi kwa aliyense. Limayang'ana zinthu ziwiri, zosowa za mwana ndi mphamvu za wopereka. Mphunzitsi ndi mlimi wa ekala imodzi sangapereke mofanana, ndipo mwana wodwala khunyu kapena mphumu amafuna zambiri kuposa mnzake wathanzi. Zinthu zikasintha, monga ntchito kutha, malipiro kukwera kapena mwana kuyamba matenda okhalitsa, ndalamayo ikhoza kuunikidwanso. Mlandu ukamachedwa, khoti lili ndi mphamvu yolamula thandizo loyembekezera kuti mwana asavutike podikira. Kwa munthu wolandira malipiro a pamwezi, khoti likhoza kulamula kuti ndalama izidulidwa kuntchito komweko isanafike m'manja mwake. Ndipo lamulo la 2009 lolimbana ndi nkhanza za m'banja linaika kuti munthu wosiya kupereka thandizo limene khoti linalamula kwa masiku oposa 60 akhoza kulowa m'ndende mpaka miyezi 6, n'kulipiranso kawiri ndalama imene anasiya kupereka.

Amayi ena amaopa kudandaula chifukwa sanakwatirane ku Registo Civil kapena kutchalitchi. Apa pali kusakaniza nkhani ziwiri. Pa nkhani ya katundu, lamulo la 2019 limafuna kuti anthu ongokhalira limodzi akhale atatha zaka zoposa 3 kuti awerengedwe ngati banja. Mwana alibe zaka zodikira. Ngakhale makolo ake sanagonepo nyumba imodzi, ufulu wake ndi womwewo. Pa chifukwa chomwechi, mtsikana wa sukulu akapatsidwa mimba palibe chifukwa chomukankhira ku banja kuti mwana apeze thandizo. Lamulo lina la 2019 linaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo udindo wa bambo pa mwana ulipo popanda ukwatiwo.

Lamuloli silinalembedwere abambo okha. Ana akatsala kwa bambo, mayi nayenso ayenera kuthandiza molingana ndi zimene amapeza. Tikutchula abambo kwambiri m'nkhani ino chifukwa kuno kwathu ana aang'ono ambiri amatsala ndi amayi.

Chikamwini, chitengwa ndi lobola

Lamulo la papepala likafika kumudzi limapeza mwambo utakhala kale pampando. Kwa Achewa mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndipo ana ndi a mbumba ya mayi, mwini wake ndi malume. Banja likatha mkamwini amanyamula bulangete ndi khasu lake n'kubwerera kwawo. Abambo ena amatenga zimenezi ngati chiphaso chowamasula. Amati ana ali ndi eni ake, ine ndinali mlendo. Kale mawuwa anali ndi pogwira, chifukwa malume analidi ndi minda, ng'ombe ndi ulamuliro pa ana a mlongo wake. Lero malume yemweyo ali ndi ana ake asanu ndi mmodzi ofuna makope, mwina ali ku Joni, mwina ali ku Beira. Mwana amagwa pakati, bambo akuloza malume, malume akuloza bambo.

Kumene kuli mwambo wa Chingoni wa lobola, kapena kumene mkazi anapita ku chitengwa, vuto limatembenuka. Akuchimuna amati ana ndi athu, tinapereka ng'ombe, ndipo mayi amachoka yekha. Ana okulirapo mwina amapirira. Koma khanda loyamwa likalandidwa kwa mayi ake chifukwa cha mkwiyo wa akuluakulu, limeneli ndi dzenje limene tikulikumbira tokha. Mwana ayenera kuyamwa bere lokha kwa miyezi 6 yoyamba, ndi kupitiriza kuyamwa pamodzi ndi zakudya zina mpaka zaka 2. Agogo, ngakhale amukonde bwanji, adzamupatsa phala lamadzimadzi ndi madzi a pachitsime, ndipo chotsatira ndi kutsekula m'mimba ndi kunyentchera. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2022 mpaka 2023 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'dziko muno ndi opinimbira. Kupinimbira kumayambira m'zaka ziwiri zoyambirirazi, ndipo pambuyo pake n'kovuta kubweza.

Sitikunyoza mwambo. Ankhoswe ndi mafumu amathetsa nkhani zambiri zimene khoti silikanazimva n'komwe, ndipo munthu amachita manyazi kuphwanya mawu amene ananena pamaso pa a mfumu. Chimene tikupempha n'chakuti pa mndandanda wa ankhoswe, pakati pa mbuzi ndi mapoto, pawonjezeke nkhani ya matenda a mwana. Mwambo umanena kumene mwana akhale. Sunanenepo kuti wobereka asiye mwana wake afe.

Palinso kubwezerana kumene timakuona mbali zonse. Bambo amati sindipereka ndalama chifukwa akadyetsa mwamuna wake watsopano. Mayi amati sumuonanso mwanayu mpaka utabweretsa ndalama. Onse awiri akumenyana pogwiritsa ntchito mwana ngati ndodo. Bambo wokayika ali ndi njira zambiri zoti thandizo lifike kwa mwana mwachindunji: kugula yekha neti ndi mankhwala olembedwa, kupangana ndi mwini njinga yamoto wa m'mudzimo kuti azinyamula mwana akadwala iye n'kumalipira pambuyo, kapena kupereka ndalama kudzera kwa nkhoswe. Kukayika si chifukwa chosiyira.

Mapepala awiri oyenda ndi mwana

Pepala loyamba ndi khadi la kusikelo. Pa nthawi ya mkangano khadili limatsala m'sutikesi ya nyumba yakale, pena limang'ambidwa mwaukali, pena limasungidwa ngati chikole. Komatu m'khadi muja muli mbiri yonse ya mwana: katemera amene analandira, mzere wa kulemera kwake, vitamini A amene amalandira miyezi 6 iliyonse, mankhwala a njoka za m'mimba. Kuno ku Mozambique mwana amabayidwa atangobadwa, kenako pa miyezi 2, 3 ndi 4, pa miyezi 9, ndiponso pa miyezi 18 pamene amalandira katemera wachiwiri wa chikuku. Ku Malawi amawerenga masabata 6, 10 ndi 14, ndiye miyezi 9 ndi 15. Mwana amene makolo ake alekana, wina ali tsidya lino wina tsidya lija, amatha kuyamba sikelo ku Dedza kapena ku Ntcheu n'kudzapitiriza kuno. Zimenezo zilibe vuto malinga khadi kapena buku la kuchipatala likuyenda naye, kuti namwino aone pamene anzake analekezera. Popanda khadi agogo amangoti anabayidwa, osadziwa kuti kangati.

Musaiwale za mu 2022, pamene poliyo inapezeka mwa mwana mmodzi ku Lilongwe ndi ana 8 m'chigawo chathu cha Tete. Panafunika makampeni angapo a khomo ndi khomo m'mayiko onse awiri, mpaka mu Meyi 2024 pamene analengeza kuti mliriwo watha. Mwana wosamukasamuka pakati pa makomo awiri ndi amene amaphonyedwa mosavuta, chifukwa khomo lililonse limayesa kuti analandira kwinako. Khadi likatayika musachite manyazi. Pitani ku chipatala kumene mwana ankakwera sikelo mukafotokoze, akakuthandizani.

Pepala lachiwiri ndi chikalata cha kubadwa, chimene ambiri timangoti sedula. Kulembetsa mwana m'miyezi yoyamba atangobadwa n'kwaulere, ndipo mukachedwa mumalipira. Amayi ambiri amadikira bambo kuti apitire limodzi ku Registo Civil, bambo osabwera, mwana n'kufika msinkhu wa sukulu alibe dzina m'mabuku a boma. Mayi akhoza kulembetsa mwana yekha. Bambo akhoza kudzavomereza mwana pambuyo pake dzina lake n'kuwonjezedwa, ndipo akakana, khoti lili ndi njira yofufuzira kuti bambo ndani. Dzina la bambo pa sedula ndi limene limatsegula zitseko zonse zija: khadi la inshuwalansi, ndalama yodulidwa pa malipiro, ngakhale penshoni ya ana amasiye ya ku INSS ngati bambo anali wolembetsedwa kumeneko ndipo wamwalira.

Mwana wa mankhwala a tsiku ndi tsiku

Pali ana ena amene kulekana kwa makolo kukhoza kuwapha mwakachetechete. Mwana womwa ma ARV, mwana wa khunyu, mwana wa chifuwa chachikulu, ndi khanda lobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV limene likumwa mankhwala oteteza podikira kuyezedwa. Nthawi zambiri amene amadziwa za mankhwalawa ndi mayi yekha. Mwana akatumizidwa kwa azakhali kapena kwa mkazi watsopano wa bambo, chinsinsi chimatsala, botolo limatsalanso. Ma ARV akadukizidwa kachilombo kamachulukanso ndipo kamatha kuzolowera mankhwala. Mankhwala a khunyu akasiyidwa mwadzidzidzi mwana amagwa koposa kale, pena pamoto kapena m'madzi.

Sitikunena kuti mulengeze matenda a mwana pabwalo la a mfumu. Sankhani munthu wamkulu mmodzi wa kumene mwana akupita, mupite naye limodzi ku chipatala, namwino amufotokozere kamwedwe ndi tsiku lokatenga ena. Ngati mwana akusamukira kutali, kapena tsidya lina la malire, pemphani kalata yosamutsira kuti chipatala chatsopano chimulandire ndi mbiri yake. Zimenezi zichitike mwana asananyamuke.

Kumene mungakadandaule

Yambani pafupi: ankhoswe, a nyakwawa, a mfumu kapena sekeletale wa dera, ndi khoti la m'mudzi limene timati tribunal comunitário. Makhoti amenewa anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992 ndipo ntchito yawo ndi kuyanjanitsa. Amathandiza pamene onse awiri akufuna kumvana, koma sangadule malipiro a munthu. Ngati simunakhutire muli ndi ufulu wopita patsogolo.

Ku polisi kuli ofesi yoona za mabanja ndi ana, Gabinete de Atendimento, kumene amaitana mbali zonse ndi kutumiza nkhani koyenera. Ku likulu la boma lanu kuli Procuradoria, ndipo wozenga milandu wa kumeneko ali ndi udindo woimira ana pa khoti. Kulinso IPAJ, bungwe la boma lopereka thandizo la zamalamulo kwa anthu osauka popanda kulipira loya. Nambala 116, Linha Fala Criança, ndi yaulere kuimba. Popita tengani sedula ya mwana, chitupa chanu, khadi la kusikelo, mapepala a mankhwala amene munagula, ndi chilichonse chimene mukudziwa cha kumene bambo amakhala ndi kugwira ntchito. Mauthenga a M-Pesa kapena e-Mola musafufute. Amasonyeza tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama, ndipo amateteza onse awiri: mayi wonamiziridwa kuti analandira, ndi bambo wonamiziridwa kuti sanapereke.

Nanga bambo akakhala tsidya lina? Apa ndiye pamene ife a m'malire timavutika kuposa ena. Munthu amawoloka pa Calómuè kapena pa Zóbuè, kapena amangodutsa msewu pa Biriwiri, basi ali m'dziko lina, ndipo chigamulo cha khoti la kuno sichigwira ntchito chokha kumeneko. Koma ku Malawi nako kuli lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana, limene limapatsa makhoti mphamvu yolamula kholo kuthandiza mwana wake, ndipo ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yomva nkhani zotere. Mayi akhoza kukayamba kumeneko, kufupi ndi kumene bambo akukhala. Nthawi zambiri njira yachidule ndi mafumu, pakuti a mbali ziwirizi amadziwana, amakumana pa maliro ndi pa misika, ena ndi pachibale. Kalata ya mfumu kupita kwa mfumu inzake imafika msanga kuposa ya khoti. Wa ku Joni ndiye wovuta zedi. Chingwe chokha chimene chimamugwira ndi abale ake otsala kumudzi, n'chifukwa chake pa chisudzulo m'bale wake mmodzi atchulidwe dzina kuti ndiye woyankha mwana akadwala mwini wake atasowa.

Cholemba pa tsikulo

Pangano silifuna loya kapena Chipwitikizi chozama. Pepala la m'kope ndi lokwanira, lolembedwa m'Chichewa, aliyense n'kusaina kapena kudinda chala, ankhoswe ndi a mfumu n'kuchitira umboni. Lilembedwe katatu, la mayi, la bambo ndi lotsala kwa a mfumu. Linene kumene mwana akhale ndi masiku amene azikacheza kwa kholo linalo. Linene thandizo la mwezi kapena la nyengo yokolola m'manambala, matumba angati, ndalama zingati, tsiku liti, osati mawu akuti ndizithandiza ndikapeza. Ndiye pakhale mzere wakewake wa matenda: ndani alipire ulendo, ndani agule mankhwala osowa ku chipatala, ndani akadikirire mwana akagonekedwa, ndani atsale ndi ana enawo, mbuzi kapena ndalama ya matenda ikhale kwa yani, ndi manambala awiri a foni oimba usiku. Amene akufuna kuti panganolo likhale ndi mphamvu yonse ya lamulo apite nalo ku Procuradoria kuti lifike ku khoti.

Mzere womaliza unene kuti amene ali ndi mwana sadikira chilolezo kapena ndalama ya mnzake akaona zizindikiro zoopsa. Mwana akakomoka kapena kugwedezeka, akakana kuyamwa ndi kumwa, akamasanza chilichonse, akafooka osadzuka, akamapuma mofulumira nthiti zikulowa m'kati, zikhatho ndi m'maso zikayera, kapena mapazi onse awiri akatupa, nyamukani nthawi yomweyo. Khanda losakwana miyezi 2 likatentha thupi kapena kuzizira, ndi chimodzimodzi. Bwerekani ndalama ya ulendo kwa aneba kapena ku gulu, lembani tsiku ndi kuchuluka kwake kuseri kwa pangano lija, sungani mapepala a ku famasi, ndipo zobwezerana mukakambe ndi ankhoswe mwana atatuluka m'chipatala.